Matanga a Amayi

Bambo anga anali munthu woti ukawatuma kukapala moto, amabwera ndi phulusa. Sikuti anali aulesi, koma kudekha kwawo kunali kopitirira muyeso. Ankakonza mawotchi pakhonde la sitolo ya nsalu mpaka imvi zinachita mbuu, ndipo anthu atasiya mawotchi n'kumaona nthawi pafoni, iwo analongedza tizitsulo tawo n'kubwera nato kunyumba. Apa m'pamene anayamba kupanga tizombo ta matanga, tofanizira zombo zija zoyenda ndi mphepo.

Nyanja anali asanaionepo. Zombozo ankazionera pa zithunzi za kalendala yakale yomwe anaikhomera pamwamba pa tebulo lawo, pakona ya pabalaza. Matabwa ankatola a mabokosi a zipatso kumsika, n'kuwapala ndi lezala mpaka apyapyale ngati chikhadabo, kenako n'kuwaviika m'madzi otentha kuti apindike. Milongoti ankasema kuchokera ku ndodo za maambulera othyoka. Zingwe zonse zinali ulusi wa amayi.

Amayi anali telala, ndipo pa zombozo anali ndi ntchito zawozawo. Ankasoka matanga, komanso ankakoka ulusi uliwonse pa kandulo kuti ulowe phula bambo asanaumange. Ulusi wopanda phula umamwa chinyezi, ndipo ukamwa umafupika n'kumakoka chilichonse chomwe wamangidwapo. Madzulo akakhala awiriwo, wina kandulo m'manja wina galasi lokulitsa zinthu pa diso, ankakangana ngati ana, koma ine ndinkadziwa kuti akusangalala.

Tizombo ting'onoting'ono tinatha, tina n'kupatsa adzukulu, tina n'kukhala pamwamba pa kabati. Kenako bambo anayamba chachikulu, cha milongoti itatu, chotalika ngati mkono wanga. Nthawi imeneyo maso a amayi anali atayamba kale kuvuta, moti ulusi pa singano ndinkawalowetsera ndine. Matanga a chombocho anawasoka pamanja, pawindo, nsalu ataiyandikiza pamphuno. Anadula pilokesi yoyera yomwe ankaisunga kuti ndi ya alendo. Atamaliza anawasita, n'kuwaika m'chitini cha mabisiketi, ndipo kuyambira tsiku limenelo sanasokenso kanthu kena.

“Bambo, tangopachikani limodzi lokha ndione mmene likhalire,” anatero amayi.

“Matanga amabwera pomaliza, mayi,” bambo anayankha osadzutsa mutu. “Ukawaika msanga, zala zilowa pati pomanga zingwe? Kuona maso a nkhono n'kudekha.”

“Nkhonoyo ili ndi maso ake. Ine ndikunena anga.”

Tonse tinaseka, ngakhale amayi amene. Sitinkadziwa kuti sinali nkhani yoseketsa.

Chombo chinayenda bwino mpaka tsiku lomwe bambo anachiika pawindo, n'kutsinzina diso limodzi, n'kupeza kuti mbali yakumanzere yatupa pang'ono kuposa yakumanja. Ine ndinayang'ana mpaka misozi, osaona kanthu. Iwo anatenga lezala n'kumatula matabwa onse a mbali imeneyo, ntchito ya miyezi yambiri. Atabwezera, anati utoto wawala kwambiri, chombo chenicheni sichiwala choncho. Anaupala. Chaka chinatha, china n'kuyamba, chitini chili chitsekere pashelefu.

Ine ndi amene ndinkapita ndi amayi kuchipatala cha maso. Ulendo wina dokotala anandiitanira pambali n'kundiuza kuti si ng'ala yoti angachotse, koma mtsempha wa m'maso ukufa, ndipo mankhwala akungochedwetsa. Titafika kunyumba ndinapeza bambo akuwongola kachiwongolero kochepa ngati njere ya mpunga. Mtima unandiwawa kwambiri.

“Ababa, ndionetsetse anathetsa nkhosa,” ndinatero. “Amayi atsala ndi miyezi yochepa yoona. Mukufuna matanga aja adzawaone liti?”

“Dokotala wanena choncho?”

“Wanena choncho.”

Anachotsa galasi pa diso n'kuliika patebulo. M'mawa mwake ndinawapeza atayamba kumanga zingwe ndisanatereke n'komwe madzi a tiyi.

Sindinawaonepo bambo akuthamanga chotero. Chakudya ankadyera patebulo pomwepo. Ulusi ankangoudula n'kumanga, osaupaka phula, chifukwa kupaka kumachedwetsa, ndiponso sankafuna kuvutitsa amayi ndi ntchito yomwe sakanathanso kuiona. Inali nthawi yotentha, mpweya uli gwa, ndipo zingwe anazikoka zolimba kuti zioneke zowongoka. Pomatha milungu ingapo milongoti inali itaima, zingwe zili ngati ukonde wa kangaude. Anauza amayi kuti Loweruka atsegula chitini.

Mvula inayamba Lachinayi, ndipo inagwa osalekeza. Zovala sizinkauma, mchere unanyowa m'botolo, chitseko cha kuchipinda chinayamba kukakamira. Loweruka m'mawa tili pa tiyi tinamva kaphokoso pakona, ngati munthu wathyola kamtengo ka machesi. Mlongoti wapakati unali utathyoka pamwamba, ndipo pogwa unakoka unzake wakutsogolo. Zingwe zonse zinangoti pirikiti pamwamba pa chombo.

“Chagwa n'chiyani?” anafunsa amayi.

“Mlongoti,” bambo anayankha.

“Ulusiwo munapaka?”

Bambo anawerama n'kuyamba kutola zidutswa za mlongoti.

“Mukanandipatsa,” anatero amayi motsitsa mawu. “Kupaka phula sikufuna maso. Zala zanga zikuidziwa ntchitoyo.”

Sanakalipe, ndipo mwina kukalipa kukanakhala bwino. Bambo anatenga sizasi n'kudula zingwe zonse, chimodzichimodzi. Anasema milongoti ina. Ulendo uno amayi anakhala pambali pawo ndi kandulo, akukoka ulusi ndi kuuyeza ndi zala, ndipo unkatuluka wosalala kuposa kale. Ntchito inayenda, koma inayenda pa liwiro lake, pakuti mfundo zing'onozing'ono zija sizimva zoti munthu ali pachangu. Ine ndinkaona amayi akuyamba kugwira khoma popita kukhitchini, kenako kuthira tiyi pambali pa kapu. Ndikawafunsa ankati akuona bwinobwino, koma kuti nyumbayi ndi yamdima.

Mvula itatha, bambo anatsegula chitini chija. Matanga anali oyera monga anaikidwira, mizere ya simbi ikuonekabe. Misoko ina inali yokhota, ndipo ndinaopa kuti munthu wa diso la mawotchi uja adandaula, koma anawapachika onse mmene analili. Chinali chombo chokongola, ndinene zoona. Ndinakwiya nacho kwa zaka, koma tsiku limenelo ndinachiyang'ana kukamwa kuli yasa.

Anali masana, dzuwa likulowa bwino pabalaza. Amayi anali pampando wawo, manja pamiyendo. Bambo anasamba m'manja, anavala malaya oyera ngati akupita kokaonekera kwa apongozi, n'kunyamula chombocho ndi manja awiri. Anaima nacho chakumanja kwa amayi, pomwe kuwala kunali kochuluka.

“Mayi, chatha. Matanga anu ndi awa.”

Amayi anadzutsa nkhope n'kumwetulira. “Koma ndiye chakongola, bambo,” anatero. “Taonani mmene akhalira. Ndinkaopa kuti lalikulu lija lifupika.”

Maso awo anali ku kabati, kumanzere, kutali ndi pomwe bambo anaima.

Ndinafuna kulankhula, koma bambo anandiyang'ana n'kupukusa mutu. Anavula masilipasi kuti asamveke. Kenako anayenda pang'onopang'ono, chombo chili m'manja, kudutsa kutsogolo kwa tebulo mpaka kukaima patsogolo pa kabati, pomwe amayi ankayang'ana.

“Silinafupike,” anatero. “Munayeza bwino.”

Amayi atamva mawu akuchokera kumene ankayang'ana, anagwedeza mutu mokhutira. Bambo anaimabe pomwepo, manja ali m'mwamba, misozi ikutsikira pa malaya oyera aja, ndipo sakanatha kuipukuta chifukwa manja onse anali atagwira chombo.