Chaka Chimene Delbert Anachoka pa Benchi

Mwamuna wanga Delbert Rusk anakhala pa benchi zaka khumi ndi chimodzi. M'mabuku a timu yake ya mpira wa ku America ankalembedwa kuti ndi woponya mpira wachitatu, kutanthauza kuti pankayenera kuthyoka kaye anthu awiri kuti iye alowe m'bwalo. Ntchito yake yeniyeni inali kugwada bondo limodzi, kuwakha mpira n'kuukhazika pansi kuti mnzake aumenye ndi phazi. Amayi ochapa mayunifolomu ankamukonda kwabasi, chifukwa pa zovala zake pankada pabondo pokhapo.

Mwiniwake sizinkamudya mtima. Mpira ukaima ankathandiza bambo anga m'sitolo yawo ya misomali ndi penti, ndipo tinali titapangana kuti sizoni imeneyo ikhale yomaliza. Anali ndi zaka 36, mwana wathu Gail akumaliza sekondale. Ine Lamulungu lililonse ndinkapita ku bwalo ndi zoluka zanga, n'kukhala pakati pa akazi a osewera ena. Anzangawo ankada nkhawa, ine ndikuluka masokosi.

Masewero anayi oyamba tinaluza onse, ndipo m'achinayiwo woponya wathu wamkulu anathyoka mwendo. Sabata yotsatira wachiwiri uja anagwera paphewa, osadzukanso. Ine ndinali nditaweramira sokosi pamene Yolanda Maddox, mkazi wa Cleon wowakha mipira, anandigunda ndi chigongono.

"Lorraine, taonani uko. Amuna anu akufunafuna chisoti."

"Achite nacho chiyani?"

"Avale, mayi inu! Akulowa!"

Chisoticho anakachipeza pansi pa benchi. Akuthamangira m'bwalo, bambo wina kumbuyo kwathu anakuwa kuti, "Agogo, mankhwala a nyamakazi mwamwa?" Anthu n'kufa nazo. Mpira woyamba anauponyera m'manja mwa adani. Wachiwiri unakagwa kopanda munthu. Wachitatu sanauponye n'komwe, chimunthu china chachikulu ngati firiji chinamugwera n'kumukwirira m'matope. Ndinangozindikira ndaimirira, zolukira zanga zitagwera pansi pa mipando. Iye anadzuka pang'onopang'ono, n'kulavulira m'dzanja, kuyang'anitsitsa chimene walavulacho, kenaka n'kukapatsa oyimbira kuti amusungire. Linali dzino.

Tinaluzanso. Titafika kunyumba ndinamuthirira mchere m'bafa la madzi otentha, ndinakhala m'mphepete ndikuwerenga mabala.

"Delbert, mawa mukawauze apeze wina. Ndinu bambo wa mwana wamkulu inu."

Anamwetulira, chibowo chili yasa m'kamwa. "Mayi, ndinali nditaiwala kuti kumenyedwa kumakoma chonchi."

"Mwapenga."

"Kapena. Tandiwonjezerani otenthawo."

Dzanja lake silinali lamphamvu, zimenezo ankazidziwa yekha. Koma munthu amene wakhala pambali zaka zonsezo akungoonerera amadziwa zinthu zimene othamanga m'bwalo alibe nthawi yoziona. Ankadziwa mdani amene amatsamira phazi lamanzere akafuna kulumpha, amene amatopa msanga, amene amakwiya ukamuseka n'kuiwala malo ake. Lachiwiri lililonse Cleon ankabwera m'khitchini mwanga, awiriwo n'kundisokonezera tebulo. Botolo la mchere ndi Cleon, la tsabola ndi mdani, mbale ya batala ndi mzere wa chigoli.

"Usathamange kutali, aise," Delbert ankatero. "Kutali kumeneko mpira wanga sufikako. Mapazi asanu ndi atatu, utembenuke, uupeza ukukudikira."

"Mdala, ine anandilemba ntchito chifukwa cha liwiro."

"Liwirolo ukaliyambe mpira uli m'manja. Tsabolayu ndi waulesi, ndamuonerera zaka zisanu."

Zinatheka ndithu. Ankaponya timipira tifupitifupi, kudya bwalo pang'onopang'ono ngati chiswe, mpaka adani kutopa. Pa masewero asanu ndi atatu otsatira tinapambana asanu ndi awiri. Zoluka ndinasiya kunyamula.

Mzinda wathu unasintha. Ndikatsegula chitseko m'mawa ndinkapeza mbale za pierogi, timabanzi tophika toika mbatata mkati, pakhonde, zina zikadali zofunda, popanda ndi dzina lomwe la wophika. M'sitolo ya bambo anthu ankadzaza, wina kugula msomali umodzi wokha n'kuima ola lathunthu kudikira kuti mwina Delbert atulukira. Bambo angawo, amene zaka zonse ankamutchula kuti mlonda wa benchi, anayamba kuuza aliyense kuti, "Mkamwini wanga ameneyo. Ndinaona kalekale ine kuti mwa mnyamata uyu muli kanthu." Gail naye, amene kusukulu ankangoti bambo ake amagulitsa penti, anapempha jezi yakale ya bambo akewo n'kumaivala ikumufika m'mawondo.

Masewero omaliza anali mu Disembala, pakhomo pathu. Tikanapambana tikanalowa m'ndime ya chipulula, imene timu yathu inali isanaiponde chiyambire Delbert kusewera. Chipale chofewa chinagwa kuyambira m'mawa, mphepo yochokera kunyanja ikucheka makutu. Kutatsala masekondi ochepa tinali tikutsalira ndi mapointi anayi, ndipo mzere wa chigoli unali patali. Nthawi ya timipira tifupitifupi ija inali itatha. Cleon analiyatsa liwiro, kumusiya mdani wake akuterereka, n'kukaima yekhayekha kuseri kwa mzere, manja ali m'mwamba. Akanauwakhira pamenepo, tikanapambana. Delbert anabwerera m'mbuyo, anaponda mwamphamvu n'kuponya. Mpira unakwera bwinobwino, tonse tinaimirira, Yolanda atandikanikiza zikhadabo pamkono. Kenaka unayamba kutsika msanga. Unagwera m'chipale kutatsala mapazi awiri kuti umufike Cleon.

Wezulo inalira. Delbert anavula chisoti n'kuima pomwepo, nthunzi ikufuka m'mutu. Ndiye kumtunda kwina anthu anayamba kuponda matabwa, ena n'kulandira, mpaka bwalo lonse likugwedezeka: "Agogo! Agogo! Agogo!" Iye anacheuka uku ndi uku ngati akufuna amene akuitanidwayo, kenaka n'kukweza dzanja, lamanzere.

Tinawadikira panja pa chipata cha osewera. Anatuluka limodzi ndi Cleon, amene maso anali atafiira.

"Mdala, yatilakwira ndi mphepo ija," Cleon anatero.

"Mphepo isiye, aise, ilibe mlandu. Pamene mpira unagwera paja ndi pamene dzanja langa linathera. Zonse zimene ndinali nazo ndinaponya." Anamusisita pamsana. "Iwe unali pamalo pake. Chaka chamawa akupezera wa dzanja lalitali, udzandiiwala."

"Bodza limenelo."

"Chabwino, usadzandiiwale. Ukadzafuna penti ukudziwa kopita."

M'galimoto ndinkamuyang'ana m'mbali kuti ndione ngati akubisa chisoni. Sankabisa kanthu. Anafunsa ngati kunyumba kwatsala msuzi wa dzulo, anatsamira pawindo, tisanakhote n'komwe pa tchalitchi n'kuti akuliza mkonono. Gail anavula sikafu yake n'kumutsamiritsa.

Mu Januwale kunabwera kochi wa timu, a Vern Haldeman, munthu wosadziwa kuzungulira nkhani. Asanavule n'komwe chikhoti anati, "Rusk, ndikufuna chaka china chimodzi. Ulowa ngati woyamba."

Delbert anayang'ana ine.

"Musandiyang'ane ine," ndinatero. "Dzanjalo ndi lanu."

Anaimirira, n'kupita pa kabati pamene ndimaika makapu a alendo, pashelefu yapamwamba. Anakweza dzanja lamanja. Linafika m'phewa n'kukana. Anayesanso, nkhope itakwinyika, kenaka anaseka n'kutsitsa kapuyo ndi lamanzere.

"Mwaona, akochi? Komanso ngakhale likanakhala labwino. Ine ndinkafuna kudziwa chinthu chimodzi chokha, ngati ndikanatha. Ndadziwa. Munthu ukakhuta umapukuta pakamwa n'kupatsa ena mpando."

A Haldeman anazunguza chipewa m'manja. Kenaka anati, "Nanga Lachitatu lokha? Uzibwera kudzamuuza amene tim'peze zimene maso akowo amaona."

"Lachitatu ndi tsiku la katundu kusitolo."

"Lachinayi."

"Lachinayi ndibwera."

Anagwirana chanza. Kochiyo anavula chikhoti chija, anadya kabichi wanga wokulungira nyama mipukutu itatu, wachinayi ndinamukulungira apite naye.

Seputembala wotsatira tinapita ku bwalo tonse awiri, n'kukhala mipando yoyandikana, koyamba chikwatirane. Ndinkaganiza kuti ndikhala ndi munthu wofatsa, wodziwa mpira, wondifotokozera zinthu monong'ona. Ha! Masewero asanapite patali anali ataimirira, akukalipira oyimbira, akukalipira akochi, akuuza woponya watsopano mokuwa kuti ayang'ane kumanzere, ngati angamve ali kutali konseko. Mayi wina wa kutsogolo kwathu anatembenuka, atatseka khutu limodzi.

"Pepani mayi, bambowa ndi anu? Tawauzani kuti mpira uli ndi eni ake."

Ndinamugulira soseji kuti atseke pakamwa. Anadya theka, theka linalo n'kumalozera nalo oyimbira.