Masiku Makumi Atatu a Wubalem

Wubalem adakankha chitseko ndi phewa, pepala lili m'manja, nsapato zili fumbi lokhalokha. Apongozi ake, Emama Tiruwork, anali pakampando kawo akukazinga khofi.

"Lero akufuna chiyani?" adafunsa Emama osadzutsa mutu. "Awerenge mano ako?"

"Iyi si yofuna zinthu, Emama. Iyi ndi yoopsa."

Inali kalata yachinayi yochokera ku ofesi ya maviza. Mwamuna wake, Ashenafi, ankayendetsa basi ku Canada, ndipo panali patatha miyezi makumi awiri chitumizireni mapepala oti Wubalem amutsatire. Kalata yoyamba idafuna chikalata cha kupolisi. Adapita, adadinda zala, adatumiza. Yachiwiri idafuna zithunzi za ukwati zooneka nkhope za abale a mbali zonse ziwiri. Yachitatu idafuna mauthenga a pafoni a chaka chathunthu, moti mawu onse amene mkazi amalembera mwamuna wake adakawerengedwa ndi mlendo pomasulira. Wubalem adayenda chozolika sabata yonse, koma adatumiza. Kuchipatala adapimidwa kawiri, poti zotsatira zoyamba zidatha mphamvu iye akudikira.

Adakhala pamphepete pa bedi n'kuyamba kuwerenga, chala chikutsatira mzere. Chingerezi chake chinali cha kusukulu, choyenda pang'onopang'ono koma chofika.

"Akuti setifiketi yathu ikusonyeza kuti tidakwatirana mu 2015. Koma akuti Ashenafi, polowa m'dziko mwawo mu 2017, adasaina kuti ndi wosakwatira. Ndiye akuti wina wanama. Atipatsa masiku makumi atatu kuti tifotokoze. Tikalephera, viza akana, ndipo ndikhala zaka zisanu osaloledwa kupemphanso. Iyenso amufufuza."

Kalatayi anali ataiwerenga kale katatu mu minibasi, ndipo mutu udangomuzungulira. Zoti adakwatirana mu 2015 zinali zoona. Zoti Ashenafi adapita kunja ali mbeta, n'kudzabwera kudzamukwatira pambuyo pake, zinalinso zoona. Nanga bodza lidalowera pati?

Emama adagwedeza chiwaya kuti khofi asapserere.

"Bwereza. Akuti mwana wanga adapita liti?"

"Mu 2017."

"Anthuwa amamwa chiyani? 2017 ndi chaka chino. Mwana wanga adapita mu 2009, mvula itangoyamba. Ndidamuperekeza ndine, nsapato yanga idatsalira m'matope pabwalo la ndege la Bole."

Wubalem adawayang'ana apongozi akewo, kenako adayang'ana kalendala ya pakhoma, ija ya zaka ziwiri: chathu cha ku Ethiopia m'zilembo zazikulu, cha azungu m'tizilembo ting'onoting'ono pansi pake. Adagwada, n'kukoka chikwama cha mapepala pansi pa bedi. Setifiketi ya kutchalitchi idalembedwa kuti pa 21 mwezi wa Tir, 2015, monga timawerengera ife. Pepala lomasulira m'Chingerezi lidalembedwa kuti pa 29 Januwale, 2015.

Womasulirayo tsiku adalisintha bwino. Mwezi adausintha bwino. Chaka adachisiya momwemo. Pa kalendala ya azungu chidayenera kukhala 2023, ndiye ukwati wa zaka ziwiri udakalamba ndi zaka zisanu ndi zitatu papepala.

Wubalem adakhala pansi pasimenti n'kuyamba kuseka. Adaseka mpaka misozi idatuluka, ndipo misoziyo itayamba sidafune kuleka.

"Pepalali tonse tidaliona," adatero akupukuta m'maso. "Ine, achimwene anga, ngakhale inu, Emama."

"Ine ndidaona manambala okha, ndipo anali olondola. Ukwati unali mu 2015. Ndidaphika ndine."

Vuto lake linali lomwelo. M'nyumba monsemo palibe amene diso lake likadakhumudwa pa 2015.

Ashenafi adaimba madzulo, kwawoko kukucha. Wubalem adamufotokozera zonse.

"Ashu, ulipo?"

"Ndilipo, Wube. Ndikudzitukwana. Pepalali lidadutsa m'manja mwanga. Ndakhala kuno zaka zonsezi, koma nditaona 2015 mtima udangoti inde."

"Ndiye ukuyendetsa anthu a eni ake ndi mutu umenewo?"

"Basi siifunsa chaka. Tamvera. Pepala latsopano lokha silikwanira. Aganiza kuti tagula lina titagwidwa. Pakufunika kalata ya womasulirayo, yovomera kuti adalakwitsa ndi iye, asaine, adinde."

"Womasulira uja, Gashe Belachew, avomere kulakwa?"

"Upite ndi amayi."

M'mawa mwake adakwera minibasi awiri kupita kuseri kwa sitediyamu, kumene maofesi a omasulira adandandalika ngati mashopu a nsapato. Ofesi ya Gashe Belachew inali ya chipinda chimodzi: tebulo, kompyuta yakale, benchi ya odikira, ndi zidindo zisanu zopachikidwa pakachitsulo. Mwini wake anali bambo wa imvi, wa jekete la bulauni, amene magalasi ankawavalira kumapeto kwa mphuno. Pabenchi panali anthu anayi, aliyense atakumbatira envelopu yake.

Wubalem adadikira mpaka nthawi yake itakwana. Adaika mapepala awiri aja patebulo, limodzi pambali pa linzake, n'kuloza chaka.

Gashe Belachew adayang'ana. Khutu lake limodzi lidafiira. Adatsitsa mawu.

"Kanthu kakang'ono aka, mwana wanga. Ndikulembera lina pompano, ulere."

"Zikomo, Gashe. Ndikufunanso kalata yonena kuti cholakwacho chidachitikira muno."

"Imeneyo ayi."

"Popanda imeneyo andikaniza viza."

"Ndagwira ntchito ino zaka makumi atatu. Zidindo izi zafika ku Amereka, ku Sweden, ku Australia. Ndilembe ndi dzanja langa kuti Belachew sadziwa kuwerenga kalendala? Chiphaso changa chikalandidwa, ana anga udzawadyetsa ndiwe? Komanso iwe pepalali udalilandira, udaliwerenga, udati zikomo."

Pamenepo sadaname. Emama adadzipezera malo pabenchi, adafunyulula kansalu ka kolo, balere wokazinga uja, n'kuyamba kutafuna.

"Ife sitikuthamangira kulikonse, Gashe," adatero. "Tili ndi masiku makumi awiri mphambu asanu ndi anayi. Benchi yanuyi ndi yabwino."

"Emama, muno si mokhalira maliro."

"Maliro sadayambe. Mukawamva."

Gashe Belachew adaitana munthu wotsatira ngati kuti nkhani yatha. Wubalem sadasunthe. Ankayang'ana pepala lija, 29 Januwale 2015, n'kumadzifunsa kuti tsiku limenelo la azungu iye anali kuti. Adawerenga chobwerera m'mbuyo ndi zala. Anali pasukulu, atavala yunifomu, tsitsi lomangidwa ndi mayi ake.

Adatulutsa pasipoti yake n'kuitsegula pamwamba pa mapepala a munthu winayo.

"Gashe, pepani. Tandiwerengereni tsiku langa lobadwa."

"Ndili ndi kasitomala."

"Ndidabadwa mu 2000, chaka cha azungu. Ndiye malinga ndi chidindo chanu, wansembe wathu, Abba Gebre Hiwot, adadalitsa ukwati wa mwana wa zaka khumi ndi zisanu zosakwana. Dzina lawo lili apa, mudalimasulira bwinobwino. Ngati inu simudalakwitse, ndiye kuti adalakwa ndi iwo. Ndikupita nalo kutchalitchi pepalali, akaone zimene zidatumizidwa kunja m'dzina lawo."

Sadakweze mawu, koma chipindacho chinali chaching'ono. Emama adasiya kutafuna.

"Abba amenewo ndimawadziwa ine," adatero, akuuza mayi amene adakhala naye pafupi. "Ndi okalamba, koma masitepe awa akwera. Ndipo akabwera sabwera okha."

Mayiyo adatsegula envelopu yake mwakachetechete n'kuyamba kufufuza chaka papepala lake. Bambo wa kumapeto kwa benchi adachitanso chimodzimodzi. Posakhalitsa m'chipinda monse munkangomveka mapepala.

Gashe Belachew adavula magalasi, adawapukuta ndi tayi, adawavalanso.

"Khalani pansi, mayi," adauza Wubalem. Sadamutchenso mwana.

Adalemba ndi zala ziwiri, pang'onopang'ono, ngati munthu amene akudzizula dzino yekha. Kalatayo idati setifiketi idalembedwa potsata kalendala ya ku Ethiopia, kuti pomasulira chaka sichidasinthidwe, ndipo kuti cholakwacho n'cha ofesi yake, osati cha eni ukwati. Wubalem adaimirira kumbuyo kwake akuwerenga liwu lililonse. Adamubwezetsa kawiri: koyamba adalemba kuti cholakwa chidapezeka, osanena kuti chidachokera kwa yani; kachiwiri adafuna kuika tsiku la kalatayo m'chaka chimodzi chokha.

"Zonse ziwiri, Gashe. Chathu ndi chawo."

Adasaina. Adadinda mwamphamvu mpaka tebulo lidagwedezeka. Emama adanyamuka, n'kumuthirira kolo pang'ono m'dzanja.

"Idyani. Simudafe."

Potsika masitepe Wubalem adakhala pasitepe yomaliza. Kuyambira dzulo lake anali asadadye kanthu. Emama adamugulira tiyi ndi buledi pakona, n'kumuimirira mpaka adamaliza.

Zotsalazo zinali zoyenda ndi miyendo basi. Abba Gebre Hiwot adatsegula buku lalikulu la maukwati, adapeza dzina, n'kulemba kalata yawo ya zaka zonse ziwiri. Atamva za mwana wa zaka khumi ndi zisanu adangopukusa mutu, n'kufunsa kuti ofesi ya bamboyo ili pati. Wubalem adati waiwala. Kalata ya Abba adakaimasulitsa kwa munthu wina, ndipo adaiwerenga ali chiimire pakhomo, kalendala ili m'dzanja linalo. Adawonjezapo chithunzi cha tsamba la pasipoti ya Ashenafi, pamene padadindidwa tsiku limene adatera pa Bole kudzakwatira. Zonse zidatumizidwa pa tsiku lachisanu ndi chinayi.

Kenako kudikira. Koma kudikira kumeneku kunali kwina. Kale Wubalem ankadzuka ndi mwala pachifuwa, osadziwa chimene anthu aja akuchiona mwa iye. Tsopano ankachidziwa, ndipo anali atachiyankha. Adabwerera kumakina ake osokera. Nyengo yosala idatha, Fasika, Pasaka wathu, idafika, adapha nkhuku, adadya. Foni ankaiyang'ana kawiri patsiku, osati kakhumi.

Kalata yachisanu idabwera Lachitatu masana, iye akupinda mpendero wa diresi la mwini wake. Adaona dzina la ofesi pafoni, adaika foniyo chafufumimba pamakina, n'kumaliza mpendero wonse. Atatero adapita nayo kunyumba osaitsegula.

"Tsegula," adatero Emama. "Ukuyesa ikhala yokoma ukaisunga?"

Inali ya mizere inayi. Wubalem adaiwerenga kawiri.

"Akufuna pasipoti."

"Adaiona kale pasipoti. Anthu osakhuta."

"Ayi, Emama. Akufuna yeniyeniyo. Akaikemo viza."

Emama adadzilemba chizindikiro cha mtanda, adakoka nsalu yawo kuphimba kumaso, ndipo mapewa awo adagwedezeka pang'ono. Atachotsa nsaluyo adati utsi wa makala wawalowa m'maso, ngakhale mbaula inali yozima.

Ashenafi adaimbiridwa ali pantchito. Adaimika basi pasiteji, n'kuuza okwera kuti adikire mphindi imodzi.

"Wube, ukunena zoona?"

"Ndikuwerengere chaka chake?"

"Usandiphe. Ndigula tikiti lero. Jekete usagule kumeneko, za kumeneko ndi zoseweretsa."

Patatha milungu itatu pasipoti idabwera, viza ili mkati. Wubalem adaiwerenga ali pakauntala pomwepo: dzina, dzina la bambo ake, tsiku lobadwa, tsiku lothera. Mlonda adamuuza kuti asunthe, anthu akudikira. Iye adati adikire, n'kuwerenganso kachiwiri.

Tikiti itafika, Emama adaitenga n'kuiyang'ana mozondotsa.

"Akuti ndege inyamuka nthawi yanji?"

"Teni koloko."

"Yathu kapena yawo? Ife timayamba kuwerenga dzuwa likatuluka, iwo amayambira pakati pa tulo. Funsa bwino. Sindikufuna kukagona pa Bole chifukwa cha wotchi."

Wubalem adafunsa. Adafunsa anthu atatu osiyana, n'kulemba nthawi zonse ziwiri pachikuto cha envelopu. Adafika pabwalo la ndege kudakali maola asanu, atanyamula tsabola wa berbere ndi ufa wa nyemba wa shiro wokwana chaka, ndipo Emama adadandaula njira yonse kuti achedwa.

Tsono inu amene envelopu yanu ili pansi pa bedi, mukudikira kutsatira wanu, musachite ngati a m'nyumba imeneyi. Anthu asanu adaligwira pepala lija, onse adaona chidindo n'kukhutira. Litulutseni lanu lero, muliike pambali pa loyambirira, kalendala ili pafupi, muwerenge mzere ndi mzere musadatumize. Wubalem adapulumuka ndi masiku makumi awiri ndi limodzi otsala. Inu chitani bwino kuposa pamenepo, kalata yachinayi isakupezeni n'komwe.