Bwererani Pano

Elube analota mwamuna wake Waisoni akuyendetsa galimoto, ndipo sanadabwe nazo, ngakhale kuti Waisoniyo anamuika m'manda chaka chatha. Chimene chinamupsetsa mtima n'chakuti munthuyo anavala malaya a buluu aja amene iye anapereka kale kwa alamu ake. Amuna ndi choncho, ngakhale atamwalira amangotenga chinthu osafunsa.

Unali mwezi wa Okutobala, dzuwa likuswa mtengo. Anali pa ulendo wa ku Ntcheu kukaona apongozi. Kumbuyo kunali shuga, sopo, buledi ndi mafuta ophikira, ndipo pamiyendo pa Elube panagona mwana wawo Ndaziona, thupi lili ngati mbaula. Malungo anamuyamba m'njira. Mwanayo anali atasiya kulira, ndipo kukhala chete kwakeko kunamuopsa Elube kuposa kulira.

"Thamangitsani galimoto, bambo a Ndaziona. Mwanayu watentha kwambiri."

"Tafika kale, Nangozo," anatero Waisoni, pomutchula ndi dzina la mfunda monga ankachitira kale.

Linali bodza, anali asanafike. Phula linali litasungunuka n'kukhala mtsinje wakuda, galimoto ikungoyandama pamwamba pake. Amayi ogulitsa mango anaima m'madzimo mpaka m'chiuno, akukweza mabeseni awo m'mwamba. Wayilesi inayamba kuwerenga mauthenga, ndipo umodzi unali wa Elube: shuga amene wagula ndi wochepa. Paketi ya shuga inayankha kumbuyoko kuti umenewo si mlandu wake. Elube anaziuza zonse ziwiri kuti zikhale chete, mwana akudwala.

Kenaka Waisoni anakhota n'kulowetsa galimoto pakhomo la nyumba ya mayi ake. Anadutsa pabalaza, nakaima kuchipinda, ndipo chipindacho chinali mthunzi wa mtengo wa mango. Pamphasa panadzaza abale, ena amoyo, ena ayi, ndipo onse anayamba kumulonjera Elube mmodzimmodzi. Aliyense ankafuna kudziwa mmene wawasiyira kutauni. Womaliza akamaliza, woyamba ankayambiranso. Elube ankayankha mwaulemu koma mwachidule, chifukwa mpweya wa mwana unkamuwotcha pachifuwa.

Ataona kuti malonjewo sadzatha, anaimirira.

"Amayi, ife tiziona msewu. Mwanayu akufunika kuchipatala."

Koma galimoto ija inali itachepa n'kusanduka nkhuku yoyera. Apongozi anaimanga miyendo ndi luzi, namupatsa Elube kuti akadye kwawo. Iye anailandira ndi manja awiri, n'kuthokoza. Akanatani, mphatso ya apongozi?

"Ine kwathu ndi kuno tsopano," anatero Waisoni. "Ndikuperekezani."

Monga amachitira woperekeza aliyense woleredwa bwino, anamulandira mlendo katundu wolemera. Nkhuku anaisiya. Anatenga mwana n'kumukhazika pamapewa.

Ananyamuka wapansi. Waisoni ankayenda monga mwa masiku onse, akukoka mwendo wakumanzere, akuimba kaluzu. Tisabise, Elube anamva kukoma. Chaka chathunthu palibe amene anamunyamulirapo kanthu, ndipo lero manja ake anali opepuka. Anayamba kumufotokozera mwamunayo zonse: kuti denga likudontha pamwamba pa bedi, kuti Ndaziona waguluka dzino, kuti mayi wa nyumba yoyandikana nayo uja wayambanso miseche. Waisoni ankangovomera kuti "Eee," ngati mmene ankachitira ali moyo, osamva n'komwe.

Atafika pa mjigo, Waisoni anaima.

"Ndibwerere pano, Nangozo?"

Aliyense amadziwa kuti woperekeza sangotembenuka yekha. Mlendo ndiye amathokoza, n'kumuuza pobwererapo, n'kulandira katundu wake. Elube ankadziwa zimenezi bwino lomwe.

"Tiyeni pang'ono, mpaka pa chigayo," anatero.

Pachigayopo ankagaya mchenga, amayi akuulandira m'malichero mwachimwemwe. Waisoni anafunsanso, ndipo Elube anati afike pa mlatho. Nkhani zinali zisanathe, ndipo mtima wake sunafune kuti zithe.

Ali m'njira anayang'ana pansi. Waisoni analibe chithunzithunzi, zimenezo sizinamudabwitse. Koma chithunzithunzi cha Ndaziona, chimene chinkayenda chokha m'mwamba chitakhala pa mapewa osaoneka, chinali chikuzimirira. Miyendo yake inali itapita kale. Elube anakweza maso, naona kuti njira imene akuyenda yakhota mwakachetechete, ndipo mjigo uja audutsanso kachiwiri. Kutsidya kwa mlatho kunalibe msewu wa phula. Kunali nkhalango ija imene palibe amene amatolako nkhuni, kumene anamuika Waisoni.

"Mwanayu wazizira bwino," anatero Waisoni ataponda thabwa loyamba la mlatho. "Sakulemeranso. Tikawoloka ndipita naye, chifukwa kutsidyaku katundu amakhala wa amene wamunyamula."

"Nanga bwanji simunandiuze?"

"Ndinafunsa kawiri, Nangozo. Sindingakuthamangitseni, ndinu mlendo. Mawu ndi anu."

Elube anakwiya naye kwambiri, ndipo anamukonda kwambiri, zonse nthawi imodzi. Tsiku la maliro sanamutsanzike mwamunayu, anthu ndi amene anamugwira m'mikono n'kumuchotsa pamanda. Tsopano ankafunika kumubweza mwamunayo yekha, ndi pakamwa pake. Waisoni anaponda thabwa lachiwiri. Mutu wa Ndaziona unagwera kumbali, dzanja lake likulendewera pa malaya a buluu.

Nkhuku inali m'khwapa ija inatembenuza khosi, nilankhula ndi mawu a injini.

"Mayi, nenani."

Elube anaiponya pansi n'kutambasula manja onse awiri.

"Zikomo potiperekeza. Bwererani pano, bambo a Ndaziona."

Waisoni anaima. Ananjuta mwaulemu, natsitsa mwanayo, namupereka ndi manja awiri. Ndaziona anagwera pachifuwa cha mayi ake ali wolemera, wotentha ngati poto wongophulidwa kumene, ndipo Elube anasangalala ndi kutenthako. Waisoni anawoloka yekha akukoka mwendo wake uja. Sanacheuke, ndipo Elube anamuthokoza mumtima chifukwa chosacheuka.

Galimoto inaima mwadzidzidzi, mutu wa Elube n'kugunda mpando wakutsogolo. Kunja dzuwa linali likadali paliwombo, amayi a mango akuthamangira pazenera. Alamu ake a Lekisoni, amene ankayendetsa, anatembenuka atavala malaya a buluu aja.

"Mwati tibwerere pano, alamu? Chipatalatu chili patsogolopa."

Ndaziona anali akulira mokweza, thukuta litanyowetsa chitenje chonse, akupempha madzi. Elube anamukumbatira mpaka mwanayo anadandaula.

"Sindimanena inu, alamu," anatero. "Inu tiyeni."