Makobidi Amene Ndinakwecha

Amuna anga atagonekedwa m'chipatala ndi sitiroko, manja anga anasowa chogwira. Makina anga osokera ndinawavundikira, makasitomala ndinawabweza. Ndinakolopa nyumba yonse, ndinachapa makatani, ndipo tsiku lachitatu ndinafika pa kabati yawo ya makobidi.

Bambowa anali okonza mawailesi. Atapuma pantchito anagula makina ofufuzira zitsulo m'nthaka, aja a ndodo yaitali yokhala ndi mbale kunsi kwake, ndipo kuyambira pamenepo makinawo anasanduka mkazi mnzanga. Loweruka lililonse ankazungulira nawo m'mabwalo a mpira ndi kusiteshoni yakale, n'kubwera ndi matumba odzaza misomali ndi zitsekerero za mabotolo. Mwa apo ndi apo ankatola khobidi lakalekale. Lililonse ankaliika m'kaenvulopu kakekake, n'kulembapo tsiku ndi malo amene analipeza. Makobidiwo anali akuda, ena obiriwira ngati agona m'ngalande, ndipo ine ndi litsiro sitimwerana madzi.

Ndinawakhuthulira onse m'beseni, ndinafinyiramo mandimu, n'kuwakwecha ndi waya wa mapoto. Timaenvulopu tothimbirira tija ndinataya. Pofika madzulo makobidi ankawala, ndipo ndinanyadira kwambiri.

Anatuluka m'chipatala patapita milungu iwiri, mwendo wakumanzere akuukoka. Dokotala anatiuza mosapita m'mbali kuti ayenera kuyenda tsiku lililonse, apo ayi mwendowo uuma ndipo sadzayendanso. Titafika kunyumba ndinawabweretsera makobidi aja pa thileyi, ndikumwetulira ngati ndapambana mpikisano.

Anatola limodzi ndi dzanja lawo labwino, n'kulipendeketsa cha kuwindo.

"Mayi, chaka chili kuti?"

Sindinkadziwa kuti pa khobidi lakutha, manambala amakhala atagwidwa ndi kuda komweko. Ndinachotsa kuda, chaka chinapitira limodzi.

"Nanga timaenvulopu?"

"Ndinataya, bambo."

Bwenzi zili bwino akanandikalipira. Anangobwezera khobidilo pa thileyi, n'kupempha kuti ndiwakhazike pampando wapakhonde. Kuyambira tsiku limenelo anakana kuyenda. Ndodo imene anatipatsa kuchipatala inangotsamira khoma.

Sindinganene kuti ndi ine ndekha amene ndinawafooketsa, matendawo anali atawadya kale mtima. Koma ndinathirapo mchere, ndipo zinkandiwawa. Ndinapepesa, ndinanyengerera, ndinazaza. Mwana wathu wamkazi ankaimba foni tsiku ndi tsiku. Yankho lawo linali limodzi: "Ndiyende ndipite kuti?"

Namwino amene ankabwera kudzawalimbitsa thupi anandiitanira pambali. "Amayi, milungu ikupita. Mwendo ukauma sitingaubwezenso."

M'mawa mwake ndinatulutsa mkazi mnzanga uja kuseri kwa chitseko. Madzi akatayika sawoleka, komabe ndinkafuna ndiwapezere khobidi ngakhale limodzi lolowa m'malo. Kumapeto kwa bwalo lathu kunali malo amene tinagwetsa shedi yakale matendawa atangotsala pang'ono kuyamba, ndipo iwo anali asanafufuzepo.

Ndinayatsa makinawo n'kuyamba kuwagwedeza uku ndi uku. Analira. Ndinakumba, ndinatapa dothi kumanja n'kulidutsitsa pa mbale ija, monga ndinkaonera iwo akuchita. Analira. Ndinafwanyula dothilo, munalibe kanthu. Ndinatapa lina, analiranso, mulibenso kanthu. Ndinachita zimenezi mwina kakhumi, thukuta lili kamukamu, ndikutukwana makinawo chamumtima.

"Mphete."

Ndinacheuka. Anali bambo, pakhonde paja.

"Vulani mphete, mayi. Ndi mapini ali pamkonowo. Mukudzifufuza nokha."

Zoonadi, kapilo kanga ka mapini kanali pamkono, sindikamvanso n'komwe kuti ndavala. Ndinachita manyazi, koma ndinaona kuti akhala tsonga, koyamba chibwerere kuchipatala.

"Tsitsani mbaleyo, izikhudza udzu. Pang'onopang'ono. Simukusesa."

Masiku atatu anandiphunzitsa ali pampando. Msomali umalira mobangula, mkuwa umalira mosalala, ndipo ukadutsa mbali ziwiri kulira n'kukhala kumodzimodzi, pamenepo kumba. Khasu anandiletsa, ndizigwiritsa ntchito kafosholo, kudula mozungulira patali kuti ndisakande chimene chili pansi. Ndinafukula hinjesi, foloko yopindika, zitsekerero zosawerengeka. Iwo ankapukusa mutu, koma chakudya anayamba kumaliza. Ndodo yokha ndiyo sanaikhudze.

Tsiku lachinayi, pafupi ndi pamene panali khomo la shedi, makina analira mosalala mbali zonse ziwiri. Ndinadula dothi, ndinalimwaza, ndipo kanthu kozungulira kanagwera m'manja mwanga, kolemera, kokutidwa ndi matope. Ndisanaganize n'komwe, ndinali nditanyowetsa chala ndi malovu, dzanja lina litakweza kale nsonga ya epuloni.

"Musapukute!"

Ndinaima. Koyambako chinali chizolowezi chabe, ndikulumbira. Zimene zinatsatira ndinachita dala.

"Bweretsani kuno," anatero bambo.

"Lada kwambiri, bambo. Ndingolipukuta pang'ono."

"Mayi, ndati bweretsani."

"Mukudziwa manja angawa samva. Ngati mukulifuna lisanawale, bwerani mudzalitenge."

Anandiyang'ana nthawi yaitali. Ine epuloni ili m'manja, ndikuopa kuti ndawonjeza. Kenako anatambasula dzanja n'kukoka ndodo ija.

Kuimirira kokha kunawatengera maulendo atatu. Anatsika sitepe ya khonde chammbali, anaponda udzu, anakoka mwendo, anapuma, anapondanso. Pa chingwe choyanikira zovala anadzandira, n'kugwira mtengo wake. Pa moyo wanga wonse sindinachitepo ntchito yovuta ngati kuima pamenepo osathamangira kukawagwira.

Anafika shati itanyowa. Anatsamira paphewa panga, akupuma mwawefuwefu, n'kutambasula chikhatho.

"Ndinu munthu woipa," anatero.

"Ndikudziwa, bambo."

Anandituma kamtengo ka machesi. Ine ndinagwira khobidi m'mbali mwake, iwo akutokosa matope pang'onopang'ono, osakhudza kuda kwa pansi. Pakati panatseguka chibowo. M'mphepete munayamba kuoneka timasamba tozungulira. Anandiuza kuti ndilipendeketse kuti dzuwa liliwombe chammbali, ndipo manambala amene sankaoneka anatulukira ndi timithunzi tawo: wani, naini, fili.

"Nanga yomalizayo?" ndinafunsa.

"Ili pansi pa chigamba icho. Liyambe lagona m'madzi oyera, opanda sopo, opanda mandimu. Kuona maso a nkhono n'kudekha." Analitembenuza, maso akuwala. "Lotere ndinalibe. Ngakhale pa aja munawapsereza aja panalibe lotere."

Ndinaseka, misozi ikutsika, ndipo sindinaibise.

Anayang'ana malo onse a shedi aja, ndi maenje anga osakwirira bwino.

"Apa mwadutsapo mothamanga. Mawa tiyambire pakona apo, mzere ndi mzere."

"Ndidzakubweretsereni mpando?"

"Mpando wa chiyani? Munthu angamve bwino makina ali pampando?"

Tinabwerera pang'onopang'ono, dzanja lawo lili paphewa panga. Titafika pakhonde sanakhale pansi. Anapitirira kulowa m'nyumba, akufunsa kumene ndinaika mabatire ena.