Matumba Anayi a Robson Kaliwo

Nkhaniyi ndinaimva kwa Nawa, wokonza njinga m'mbali mwa msewu wa Mosi-oa-Tunya ku Livingstone, tsiku lina ndikudikira lole ya ku Sesheke imene sinabwere n'komwe.

Akuti Agness anali ataima pakhomo la chipinda cha malemu bambo ake ku komboni ya Malota, tsiku lachitatu chiikireni maliro, pamene mchimwene wake Jethro anakoka matumba anayi a feteleza kunsi kwa bedi. Chinali chaka cha 1995, feteleza atakwera mtengo moti munthu ankagona naye kuchipinda. Malemuwo, a Robson Kaliwo, anali atagawiratu ana awo atatu minda kuseri kwa Libuyu. Matumbawo nawo anali atawalemba maina ndi khala: atatu a Loyce, limodzi la Jethro.

Agness anawatembenuza mbali zonse. Dzina lake panalibe.

Komatu ndiye amene anawadwazika miyezi isanu ndi umodzi, kuwasambitsa, kuwamwetsa phala ndi supuni. Loyce, mwana wa mkazi wachiwiri, ankangobwera Lamlungu ndi malalanje awiri.

Jethro anati mdala mutu unali utasokonezeka ndi matenda, choncho agawane mofanana, lachinayilo aliyeze ndi chitini. Loyce anayesa kunena kuti munda wake ndi mchenga wokhawokha, koma Agness anamudula.

"Mchenga ni wako, mwana wokondedwa. Ine nitenga wanga."

Anakweza thumba limodzi pa wilibala osayang'ana munthu.

Madzulo omwewo kunagwa mvula yoyamba. Inu, patapita zaka zachilala zija! Malata anachita kulira ngati ng'oma, amayi amene m'mawa ankabuma anathamangira panja ndi ndowa, mabafa ndi mapoto, wina n'kululutira ataiwala kuti ali pamaliro. Fungo la dothi linalowa mpaka m'chipinda cha malemu. Kutacha, Malota yense anali panjira, makasu paphewa, mbewu pamutu, ndipo Agness anali patsogolo ndi wilibala yake, mtima uli phaphapha ndi mkwiyo komanso changu.

Munda wake unali patsinde pa chulu. Atagwetsa khasu, linalowa ngati m'phala. Anagwetsanso. Dothi lake lakuda bii, nyongolotsi zili piringupiringu, fungo ngati la m'khola.

A Mudenda, nkhalamba yachitonga yoweta ng'ombe kutsidya kwa mundawo, anafika akutsimphina, naona thumba lija, n'kuyamba kuseka.

"Mwana wa Robson, ufuna kulima chimanga olo nzimbe? Ukathira uyo pano, chizangoyenda masamba, mphepo ikabwera chonse pansi."

Kenako anamuuza zimene iye sankadziwa. Zilimwe zitatu bambo ake ankabwera m'mamawa ndi njinga kudzatuta manyowa m'khola la a Mudendawo, masaka awiri ulendo uliwonse, ngakhale chifuwa chitayamba kale. Onsewo ankawakwirira m'munda umodzi womwewu, chifukwa dothi la pachulu limasunga chimene walipatsa. Wa Jethro, wa katondo, thumba limodzi linkaukwana. Koma wa Loyce unkamwa feteleza ngati chidakwa: kuthira lero, mvula ikagwa mawa wapita. Umenewo unkafuna kuudyetsa pang'onopang'ono, katatu, ndi chitsekerero cha botolo phando lililonse. Malemuwo akafuna kudziwa njala ya munda, ankafumbata dothi lonyowa n'kutambasula dzanja. Likagwirana, wakhuta. Likamwazika, uli ndi njala.

"Anati chani za ine?" anafunsa Agness.

"Anati Agi alibe womuthandiza. Munda wake uzidzidyetsa wokha, olo feteleza asowe mu dziko lonse."

Agness anafumbata dothi la m'munda wake, ndipo litagwirana analimanga m'mpango. Anatembenuza wilibala n'kuyamba kuthamanga nayo m'matope, tayala likutitimira, chitenje chikumasuka, anthu m'minda akuweramuka n'kumufunsa ngati walumidwa ndi njoka. Anadutsa pamunda wa Jethro akufuula.

"Ba Jethro, bwezani vitini vija! Mdala sanasokonezeke, tasokonezeka ni ise!"

Jethro anayamba kutsutsa, koma mlongo wake anali atapita kale, ndiye anangosenza kathumba kake n'kumutsatira akung'ung'udza.

Anamupeza Loyce atakhala pamzere, akuyang'ana feteleza wake wochepayo. Agness anatsitsa thumba pamapazi pake, akupuma wefuwefu. Anagwada, nafumbata mchenga wonyowa uja, n'kutambasula dzanja. Unamwazika wonse kupyola m'zala. Anatulutsa m'mpango wake chibulumwa chakuda cha kumunda kwake, chidindo cha zala chikuonekabe, nachiika m'dzanja la mng'ono wake.

"Uli na chitsekerero cha botolo?" anafunsa.

Loyce anapisa m'thumba la diresi n'kutulutsa chimodzi chadzimbiri, chimene bambo awo anamupatsa Lamlungu lomaliza.

Nawa anamaliza ndi kulumbira kuti chaka chimenecho minda itatu yonseyo inabereka mofanana ndendende, ngolo zinayi uliwonse. Pamenepo pokha ndiye ndikukayika. Ndayenda maiko ambiri, ndipo mchenga wa ku Livingstone ndikuudziwa. Sindikhulupirira kuti unafanana ndi chulu. Koma za njinga ndi manyowa zija sinditsutsa, chifukwa masipoko amene ankathyoka ndi masakawo ankawakonza ndi Nawa yemweyo.