Pepala la Matemba

Mayi Asiya ankaphunzitsa za makompyuta pasukulu ina ya ku Chiuta, koma kompyutayo panalibe. Imodzi imene inalipo inafa kalekale ndi fumbi.

Sabata imeneyo ankayenera kusankha pepala limodzi lopita kumpikisano ku Balaka. Funso linali lakuti mwana alembe ndondomeko ya ntchito iliyonse, moti ngakhale makina opanda nzeru athe kuitsatira. Ana makumi anayi anangokopera za m'buku, kuwiritsa tiyi m'ketulo yamagetsi imene sanaionepo. Zelifa yekha, mtsikana wa Fomu 2, analemba za kuyanika matemba: yalani pathandala; kukachita mitambo, fundikirani; dikirani; tembenuzani; bwerezani mpaka nsomba ithyoke mukaipinda.

"Tumizani la ketulo," anatero ahedi, a Ambrose, munthu wa ku Utale amene nsomba ankangoionera m'mbale. "Ku Balaka akatiseka ndi fungo limeneli."

Mayi Asiya anali atatopa ndi kukangana. "Ndiye makinawo mukhale inuyo, ahedi. Tsatirani pepalali. Matemba akauma, lipita."

M'mawa mwake Mayi Asiya anabwera ndi beseni la matemba aawisi. A Ambrose anatsatira mzere ndi mzere, thukuta lili kamukamu. Atafika pa "dikirani", anakadikirira muofesi. Pobwerako anapeza akhwangwala atadya theka.

"Mwaona? Lalephera!" anakuwa ahediwo.

Anamuitana Zelifa. Atangoona thandalalo anagwira pakamwa.

"Iii, ahedi, munawasiya okha? Nanga alipo amene sadziwa kuti..."

"Makina sadziwa, mwana iwe," anatero Mayi Asiya. "Amadziwa zimene wawauza basi."

Zelifa anawerenganso pepala lake, kenako anapempha cholembera nawonjezera: Podikira musachoke. Khalani pomwepo ndi ndodo. Mbalame ikatera, ingitsani.

"Tinagwirizana kuti aume," anatero a Ambrose.

"Otsalawo sanaumebe, ndipo dzuwa likadalipo," anayankha Mayi Asiya.

Ahediwo anausa moyo, nathyola ndodo, nakhala pamwala. Ana ankasuzumira m'mawindo akuseka, koma iwo sanachoke. Tsiku lachiwiri masana anapinda nsomba imodzi, ndipo inangoti thyo! Anasainira pepalalo n'kukasamba m'manja.

Mayi Asiya analiika mu envelopu, mutu ukuwawa, nabwerera patebulo pawo. Maketulo makumi anayi anali akudikira kuchongedwa.