Chingwe cha Genzo

Noboru anali atasenza kale chingwecho paphewa pamene mayi ake, Fumie, anaima pakhomo la shedi.

"Ukupita nacho kuti?"

"Kukachisi. Paja akupachika mawa."

"Tula pansi. Kodi nzeru unazisiya kutauni kwako ku Osaka? Pepala loyera ndamata pakaguwa ka m'nyumba lija sunalione?"

Analiona ndithu. Imfa ikalowa pakhomo, apabanjapo sadutsa pachipata cha kachisi mpaka masiku olira atatha, ndipo milungu silandira chochokera m'nyumba yotero. Koma ichi chinali chingwe cha bambo ake, Genzo, amene chaka ndi chaka ankapota mapesi a mpunga kukonza chingwe chopachika pachipatacho. Cha chaka chino anachimaliza, napita kukasamba m'manja, nagwa n'kufera pampopi pomwepo. Mkulu wamakani uja, ngakhale imfa anaidikiritsa.

Noboru anapitabe. Wansembe Kuroda anamuchingamira kunja kwa chipata, nayang'ana chingwecho nthawi yaitali osachikhudza.

"Sanapotepo chokongola chonchi," anatero. "Koma sindingachilandire."

"Anachipota ali moyo, bambo!"

"Chagona panyumba ya maliro, mwana wanga. Pepa."

Mkuluyo anawerama kwambiri, maso ali ofiira. Noboru anasowa womukalipira. Anabwerera ndi katundu wake, mtima ukuwawa, nakamuika m'shedi muja.

M'mawa mwake iye ndi mayi ake anaima kutsidya kwa msewu. Amuna a m'mudzimo ankakweza chingwe china chimene anachipota mothamanga, chowonda ngati chomangira mbuzi. Noboru anachita manyazi m'malo mwawo.

Atachimanga chinapendekeka. Amene anali pamakwerero anatembenuza khosi kuyang'ana mwala wa pambali pa chipata, pamene Genzo ankaima chaka chilichonse, manja kumbuyo, akuwalalatira. Anzake onse anatembenukira komweko. Pamwalapo panali masamba ouma basi. Sanadziwe kokokera.

Fumie anapukuta mphuno. Mayi amene moyo wake wonse sanakwezepo mawu pagulu anaika manja kumbuyo, natukula chibwano.

"Kwezani kumanzere, akhungu inu! Mukuyesa milungu ilibe maso?"

Mawu anali a mwamuna wake, koma kunjenjemera kwa liwu kunali kwa Fumie mwini. Amuna aja sanaseke. Anawerama, nakweza kumanzere.